Rory Gallagher ankapita kumene anzake ankathawa

Mu Okutobala 2024, kampani ya Bonhams ku London inagulitsa pa okushoni gitala imodzi yosupuka penti pa mtengo wa mapaundi 889,400. Gitalayo ndi Fender Stratocaster yopangidwa mu 1961. Mwini wake, Rory Gallagher, woimba wa ku Ireland, anaigula mu 1963 m'sitolo ya Crowley's mumzinda wa Cork pa mapaundi 100, yogwirapo kale ntchito, molipira pang'onopang'ono, ali mnyamata wa zaka 15. Amene anapambana pa okushoniyo anaipereka ku National Museum of Ireland, chifukwa anthu a dzikolo anali atayamba kale kudandaula kuti chuma chawo chipita kwa mpondamatiki wina wakunja n'kukatsekeredwa m'chipinda.

Munthu amene gitala yake ikulira ndalama zoterezi analibe nyimbo ngakhale imodzi imene inakwera pamwamba pa ndandanda wa ma single ku Britain. Sikuti anayesa n'kulephera ayi. Ankakana dala kutulutsa ma single, timbale ting'onoting'ono tija ta nyimbo imodzi kapena ziwiri timene mawailesi ankadalira. Nanga dzina lake linakula bwanji? Yankho langa ndi lakuti linakula chifukwa mwini wake ankafika yekha pamaso pa anthu, usiku ndi usiku, ngakhale m'malo amene oimba anzake ankaopa kupondako. Ndikuona kuti muyeso umenewu ndi woona kuposa wa wailesi. Koma ndikukananso chizolowezi cha omukonda chomusandutsa woyera mtima, chifukwa makani omwewo amene anamukweza ndi amenenso anamupweteka.

Gallagher anabadwa pa 2 Malichi 1948 ku Ballyshannon, m'boma la Donegal, koma anakulira ku Cork. Blues, nyimbo za anthu akuda a ku America, anaimva koyamba pa wailesi, makamaka pa wailesi ya asilikali a America okhala ku Ulaya, ndipo khomo lake linali Lonnie Donegan, woimba wa ku Britain amene ankaimba nyimbo za Lead Belly, woimba wachikuda wa ku America. Mnyamata wofuna kudya za gitala ku Ireland masiku amenewo anali ndi njira imodzi basi: kulowa showband. Awa anali mabandi a anthu ovala masuti ofanana, oimba nyimbo za eni ake zimene zatchuka sabata imeneyo, m'maholo ovinira mpaka usiku kwambiri. Nyengo ya Lenti ikafika maholo a ku Ireland ankatsekedwa, mabandiwo n'kuwolokera ku Britain kukasaka ganyu. Rory analowa bandi yotchedwa Fontana. Anthu ambiri olemba za iye amainyoza nthawi imeneyi ngati ndende imene anathawamo. Ine ndimaiona ngati sukulu. Woimba amene waphunzira kusunga anthu otopa ndi ntchito ali chiimire m'bwalo lovinira kwa maola angapo amadziwa chinthu chimene situdiyo singamuphunzitse: amaona msanga pamene anthu ayamba kugwa ulesi, ndipo amadziwa chochita.

Mu 1966 anayambitsa gulu la anthu atatu lotchedwa Taste. Linakhazikika kwa nthawi ku Belfast, kenako ku Marquee Club ku London. Linatsegulira gulu la Cream pa phwando lawo lotsanzika ku Royal Albert Hall mu Novembala 1968, linayenda ndi gulu la Blind Faith ku America mu 1969, ndipo mu 1970 linasangalatsa khamu lalikulu pa chikondwerero cha Isle of Wight. Chaka chomwecho gululo linatha, pa mikangano ya ndalama ndi kayendetsedwe. Rory anatulukamo wokhumudwa, m'thumba mulibe kanthu kofanana ndi ntchito imene anagwira. Ndikukhulupirira kuti kuuma mutu kwake konse kwa m'tsogolo kunamera pamenepa. Kuyambira 1971 ankaimba m'dzina lake, ankadzijambulitsa yekha zimbale zambiri, ndipo patapita nthawi woyendetsa zinthu zake anali mng'ono wake Dónal.

Nkhani imene imandikhutiritsa koposa ndi ya Belfast. Pa 1 Januwale 1972, Gallagher anaimba ku Ulster Hall, usiku wapitawo mabomba ataphulika mumzindamo. Chaka chimenecho ndi chimene chinapha anthu ambiri pa nkhondo yonse ya ku Northern Ireland, pafupifupi 500, ndipo masabata anayi okha phwandolo litachitika asilikali a Britain anawombera n'kupha anthu 13 tsiku limodzi ku Derry. Oimba otchuka akunja anali atasiya kupita kumeneko. Pakati pa mzinda usiku pankakhala zii. Achinyamata a Chikatolika ndi a Chipulotesitanti ankakulira m'madera osiyana, m'sukulu zosiyana, ndipo malo okumanirana mwamtendere anali ochepa zedi. Holo ya Rory inali amodzi mwa malowo. Iye anali Mkatolika wochokera kummwera, womenya besi wake Gerry McAvoy, amene anakhala naye zaka 20, anali mwana wa ku Belfast komweko, ndipo ankabwerera chaka ndi chaka.

Wina angati: kodi kuimba gitala m'holo ndi ungwazi? Taonani zimene zinachitika pa 31 Julayi 1975. Gulu la Miami Showband likuchokera koimba ku Banbridge linaimitsidwa pa msewu ndi zigawenga za UVF, za mbali ya Chipulotesitanti, zovala yunifomu ya usilikali, ndipo oimba atatu anaphedwa. Kuyambira tsiku limenelo woimba aliyense wa kummwera anadziwa kuti gitala si chishango. Ambiri analekeratu kuwoloka malire, ndipo sindikuwaweruza. Gallagher sanaleke.

Palinso chidzudzulo china chimene ndimachimva chokhala ndi mutu. Pa siteji ya ku Belfast munthuyu sankalankhula za ndale. Sankatchula olakwa, sankaimba nyimbo zodzudzula boma kapena zigawenga. Alipo amene amati woimba wokhala chete pa nthawi ya magazi ndi wamantha, kapena wongofuna ndalama za mbali zonse. M'malo ena ndikanavomera. Koma mumzinda umene dzina la munthu ndi msewu umene amakhala zinali zokwanira kumuphetsa, mawu amodzi a ndale pa chimkuzamawu akanagawa holoyo pawiri, ndipo chaka chotsatira theka la anawo silikanabwera. Chimene iye anali nacho chopereka chinali maola awiri kapena atatu oti mnyamata wa ku Falls Road, dera la Akatolika, ndi wa ku Shankill Road, dera la Apulotesitanti, aime phewa ndi phewa osafunsana tchalitchi. Andale analephera kupereka zimenezo kwa zaka zambiri. Jake Burns, amene pambuyo pake anayambitsa gulu la Stiff Little Fingers n'kumaimba molunjika za mavuto a Belfast, ankanena poyera kuti anagwira gitala chifukwa choona Rory. Ndiye kuti ngakhale nyimbo zodzudzulazo zinatuluka pakhomo limene iye anasiya lotsegula. Chiboliboli chake chimene anachiimika kunja kwa Ulster Hall mu Januwale 2025 sichinabwere chifukwa cha malonda a zimbale.

Amene akufuna kuona zimene ndikunena aonere kanema wa Irish Tour '74, wojambulidwa ndi Tony Palmer pa ulendo wa ku Belfast, Dublin ndi Cork. Mudzaona munthu wa tsitsi lalitali, wovala zovala wamba ngati akupita kokonza galimoto, thukuta lili kamukamu. Gitala ija penti inathawa kalekale, thabwa lili poyera, ladetsedwa ndi thukuta lomwelo. Pa nyimbo ya Walk on Hot Coals pali pamene bandi imatsika mpaka kungotsala kugunda kwa pansipansi. Iye amakoloweka kachala kakanise pa kabatani ka voliyumu, n'kumatsegula ndi kutseka uku akumenya nsambo, mwakuti mawu amatuluka opanda chiyambi, ongofufuma. Kenako amatsina nsambo ndi m'mphepete mwa chala kuti ilire mokwera ngati mluzu. Zonsezi akuchita ndi manja, popanda mulu wa zipangizo pansi pa mapazi. Ndiye phokoso lija likafika pachimake amaika gitala yamagetsi pambali, n'kutenga gitala yachitsulo ya National kapena mandolin, n'kuimba yekha, anthu zikwizikwi akuponda pansi ndi kuomba m'manja. Mvetserani Going to My Hometown pa chimbale cha Live in Europe cha 1972: kachida kakang'ono, mapazi a anthu, basi.

Apa m'pamene ndimamvetsa chifukwa chake ankakana single. Nyimbo ya mphindi zitatu yokonzedwera wailesi ikatchuka imakhala bwana wa mwini wake. Anthu amabwera kudzamva iyo yokha, monga momwe inamvekera pa wailesi, ndipo kampani imafuna ina yofanana nayo. Gallagher ankafuna anthu obwera kudzamva zimene zichitike usiku umenewo. Kwathu kuno mkangano wa woimba ndi bandi ndi woimba mongotsatira CD timaudziwa bwino, ndipo amene analipirapo pakhomo n'kupeza munthu akungoyasamula pakamwa safunika kumufotokozera. Njira ya Rory inalipira ndithu: Live in Europe inalowa m'gulu la zimbale 10 zogulidwa kwambiri ku Britain, ndipo mu 1972 owerenga nyuzipepala ya Melody Maker anamusankha kukhala katswiri wa gitala woposa onse, patsogolo pa Eric Clapton. Mu 1977 anatsegula usiku woyamba wa maphwando a nyimbo za rock a Rockpalast ku Essen, ku Germany, umene unaulutsidwa pa kanema m'maiko ambiri a ku Ulaya, ndipo chaka chomwecho anatsogolera chikondwerero cha ku Macroom, phwando lalikulu loyamba la nyimbo za rock la pabwalo ku Ireland. M'khamu la ku Macroom munali mnyamata wina amene lero timamudziwa kuti The Edge wa U2.

Funso lovuta kwambiri ndi lakuti blues ndi ya yani. Nyimbozi zinabadwa pakati pa anthu akuda a kummwera kwa America, zidzukulu za akapolo, m'minda ya thonje ndi m'mabala a anthu osauka. Mzungu wa ku Cork ali ndi gawo lanji pamenepo? Sindikufuna kulizembera funsoli ponena kuti anthu a ku Ireland nawonso anavutika pansi pa Britain, ngakhale n'zoona kuti anavutika. Njala ya ku Ireland si ukapolo wa ku Mississippi, ndipo mavuto a makolo sapatsa munthu chiphaso chotengera nyimbo za eni ake. Blind Boy Fuller, amene nyimbo yake ya Pistol Slapper Blues Rory ankaikonda kuimba, anamwalira mu 1941 ali wosauka. Lead Belly anamwalira mu 1949 asanalawe ndalama zimene nyimbo zake zinadzapanga. Kusiyana kumeneku kulipo ndipo ulemu wa munthu mmodzi sungakufufute.

Komabe pakati pa obwereka pali oba ndi obweza. Magulu ena otchuka a ku Britain anafika mpaka ku khoti chifukwa cholemba maina awo pa nyimbo za akuluakulu a blues. Gallagher ankatchula mwini nyimbo pa siteji asanaiyambe, ndipo pa zimbale zake maina a Muddy Waters, Junior Wells ndi ena ankamveka. Achinyamata ambiri a ku Ulaya anayamba kufunafuna zimbale za akuluakuluwa chifukwa chomva iye akuwatchula. Ndipo eni akewo anamulandira. Muddy Waters atabwera ku London kumapeto a 1971 kudzajambula The London Muddy Waters Sessions, Rory anali mmodzi mwa omenya gitala, ndipo chimbalecho chinapata mphoto ya Grammy. Anaimbanso ndi Albert King ku Montreux. Chinanso chimene ndimamulemekezera n'chakuti sankanamizira kukhala munthu wa ku Chicago. Pa Out on the Western Plain, nyimbo ya Lead Belly, anakunga nsambo za gitala m'njira imene oimba nyimbo za makolo a ku Ireland amakonda, mwakuti nyimbo ya ku America imatuluka ndi fungo la kwawo. Kubwereka kotere, kobwera ndi kako m'manja, sindikuona chifukwa chokudana nako.

Omukonda ali ndi nkhani ziwiri zimene sazisiya. Yoyamba ndi ya Jimi Hendrix, yoti atafunsidwa mmene amamvera kukhala katswiri wa gitala woposa onse anayankha kuti akafunse Rory Gallagher. Nkhaniyi ilibe umboni, ndipo imakambidwanso ndi maina a oimba ena m'malo mwa Rory. Bwanji osangoisiya? Pali umboni weniweni wokwanira. Brian May wa Queen wanena kambirimbiri kuti ali mnyamata anatsalira ku Marquee phwando litatha n'kufunsa Rory chinsinsi cha kamvekedwe ka gitala yake, ndipo Rory anamuonetsa ampulifaya ya Vox AC30 ndi kabokosi kotchedwa Rangemaster. May wakhala akugwiritsa ntchito njira imeneyo moyo wake wonse.

Yachiwiri ndi ya Rolling Stones. Mu Januwale 1975, womenya gitala Mick Taylor atachoka m'gululo, Rory anaitanidwa ku Rotterdam ndipo anaimba nawo masiku angapo. Kenako ananyamuka kupita ku Japan kumene anali atalonjeza kale maphwando, ndipo mpando unadzapita kwa Ronnie Wood. Omukonda amaikamba ngati kuti anakana ufumu. Ine ndimangoona munthu amene anali ndi matikiti ogulitsidwa kale ku Japan ndipo sanafune kuwagwiritsa anthu fuwa la moto. Ndipotu zinakhala bwino. Munthu wozolowera kuimba yekha, kulemba yekha ndi kutsogolera bandi yake akanakhala miyezi ingati kumbuyo kwa Mick Jagger ndi Keith Richards?

Tsopano mbali imene omutamanda amadumpha. Zimbale zake za mu situdiyo sizifanana mphamvu. Tattoo ya 1973 ndi Calling Card ya 1976, imene anajambula ndi Roger Glover wa Deep Purple, ndi zabwino kwambiri, ndipo nyimbo ngati A Million Miles Away imaonetsa kuti ankadziwa kupeka, sanali womenya nsambo chabe. Koma zina zimamveka zothamangitsidwa, ngati munthu akufulumira kuti abwerere pa msewu. Sankakhulupirira khutu la munthu wina. Kumapeto a 1977 anajambula chimbale chathunthu ku San Francisco ndi Elliot Mazer, katswiri amene anagwirapo ntchito ndi Neil Young, ndalama zambiri zitalowa, kenako anachikana chonse chitatsala pang'ono kutuluka. Chinadzatuluka mu 2011, mwini wake atagona m'manda zaka 16. Omukonda amati uku ndi kusanyengerera pa luso. Mwina. Koma ndi khalidwenso la munthu amene sankatha kulola kuti wina amuthandize, ndipo khalidwe limenelo silithera mu situdiyo.

M'zaka za m'ma 1980 dziko la nyimbo linasintha, mavidiyo ndi MTV zinatenga malo, iye osasuntha. Pakati pa Jinx ya 1982 ndi Defender ya 1987 panadutsa zaka zisanu popanda chimbale chatsopano. Chowawa kwambiri chinachitika mu 1990. Chaka chimenecho Gary Moore, mnzake wa ku Belfast amene anatchukira nyimbo za rock yolemera, anatembenukira ku blues n'kutulutsa Still Got the Blues, yokhala ndi ma single ndi mavidiyo, ndipo inagulidwa mamiliyoni. Rory, amene sanachokepo pa blues chiyambire, anatulutsa Fresh Evidence chaka chomwecho ndipo inadutsa mwakachetechete. Sindikunyoza Moore, anali katswiri ndipo anaitana Albert King ndi Albert Collins kudzaimba naye. Ndikungonena kuti khomo linatseguka, anthu anayambanso kufuna blues, ndipo amene anayenera kulowa woyamba anaima panja chifukwa cha lamulo limene anadziikira zaka 20 m'mbuyomo. Walira mvula walira matope: ufulu umene anaufuna unabwera ndi zake.

Ndipo thupi linalipira. Munthu amene moyo wake wonse unali ulendo anayamba kuopa ndege. Mankhwala amene ankalandira kuti athane ndi manthawo komanso matenda ena, pamodzi ndi mowa, zinawononga chiwindi chake. Sanakwatire, analibe ana, ndipo amene ankamudziwa amati pansi pa siteji anali wamanyazi, wofatsa, wosungulumwa, wokonda kuwerenga mabuku a nkhani za apolisi ndi zigawenga. Phwando lake lomaliza linali ku Netherlands mu Januwale 1995, akuoneka kuti akudwala. Mu Malichi anamuika chiwindi china ku London, koma anatenga matenda ena ali m'chipatala ndipo anamwalira pa 14 Juni 1995 ali ndi zaka 47. Anaikidwa m'manda a St Oliver's pafupi ndi Cork.

Ndimanyansidwa ndikamva anthu akunena kuti anafera nyimbo, ngati kuti imfa yotere ndi mendulo. Muddy Waters anafika zaka pafupifupi 70, B.B. King anaimba mpaka zaka 89. Blues ndi nyimbo imene imakoma woimba akamakula, ndipo Fresh Evidence imaonetsa kuti Rory anali akulowera kumeneko, mawu atakhwima, liwiro litachepa, nyimbo zikupuma. Zaka 20 kapena 30 za nyimbo zoterozo zinatayika. Anthu amene ankamuombera m'manja chifukwa chosapuma anali kuombera m'manja chinthu chimene chinkamudya, ndipo ife omvera tiyenera kuvomereza kuti timakonda woimba wodzipha ndi ntchito kuposa wodziwa kunena kuti chaka chino ndikhala pansi.

Kwa amene simunamumvepo, musayambire pa zimbale zosonkhanitsa nyimbo zake zotchuka, chifukwa zimadula chinthu chenicheni chimene munthuyu anali nacho. Yambani ndi Live in Europe, kenako Irish Tour '74 yonse osadumpha nyimbo, makamaka pa sipika zenizeni osati pa foni. Mukakhutira, pitani ku Tattoo ndi Calling Card. Jinx ikhoza kudikira. Ndipo akatchula dzina la Blind Boy Fuller kapena Junior Wells, imitsani kaye chimbalecho mukawafunefune eni akewo.